MBALE YA CHIPEPESO YALOWA M'LAMYA

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera kummwera amapeza misewu iwiri. Wina umapatukira ku Bunda ndi kukafika pa Mitundu, kumene mapiri a Dzalanyama amaonekera chakumadzulo. Winawo ndi msewu waukulu wopita ku Dedza ndi ku Blantyre, umene umadutsa pa Nathenje. Pamisika iwiri yonseyi, pakati pa ogulitsa mtedza, soya, mbuzi ndi makala, pamaoneka tinyumba tating'ono topaka utoto wofiira kapena wobiriwira, ndipo m'kati mwake mumakhala mnyamata kapena mtsikana, lamya ili m'dzanja, kabuku kali pamwendo. Tinyumba timeneti kale kunalibe. Tinayamba kumera pambuyo pa chaka cha 2012, pamene kampani ya Airtel inatsegula njira yotumizira ndalama pa lamya, ndi chaka cha 2013, pamene kampani ya TNM inayambitsa Mpamba.

Ndalama zambiri zodutsa pamenepa n'zamalonda, koma si zonse ayi. Zina n'zochokera kwa mwana amene ali ku Johannesburg, wotumizira mayi ake zogulira feteleza. Zina n'za anthu a mudzi umodzi okhala m'tauni, amene asonkherana kuti agule bokosi la maliro. Zinanso, ngakhale n'zowerengeka, zimachokera kwa anthu a kutsidya kwa nyanja amene sanapondepo m'Malawi, koma anawerenga pa intaneti za tsoka la munthu wina nagwidwa chifundo. Kupatsa kotere, kwa anthu ambiri opereka kangachepe aliyense, kwasintha kayendedwe ka thandizo padziko lonse. Komatu kwa Mchewa wa kwa Chadza kapena wa kwa Kalumba sichinthu chachilendo kwenikweni, pakuti makolo ake anachidziwa kalekale, ndipo anadziwanso chimene chimachisunga kuti chisafe.

Kupatsa kwa makolo

M'midzi ya kuno, zovuta zikagwa, palibe amene amalemba kalata yopempha. Amfumu akangolengeza, amayi amayenda khomo ndi khomo kutolera ufa, ena amatuta nkhuni ndi kutunga madzi, adzukulu amanyamula makasu kupita kumanda. Mbale imayikidwa pasiwa, ndipo pambali pake pamakhala munthu wodziwa kulemba, amene amalemba dzina la wopereka aliyense pamodzi ndi chimene wapereka. Thupi lisanayikidwe, mkulu wina amayimirira ndi kuwerenga chipepeso chonse pamaso pa khamu: cha amfumu, cha ampingo, cha anzake a kuntchito, kufikira kandalama ka agogo amene anamasula pamfundo ya nsalu yawo.

Mwambo umenewu uli ndi mizati itatu. Woyamba ndi wakuti wopereka amamdziwa wolandira, kotero kuti bodza silipeza pokhala. Wachiwiri ndi wakuti chochepa sichinyozedwa, popeza akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Wachitatu, umene uli waukulu koposa, ndi wakuti ndalama imawerengedwa poyera. Wosunga mbale sangabise kanthu, chifukwa amene wapereka ali pomwepo, khutu lili tcheru kuyembekeza kumva dzina lake. Dima la kumunda, chiperegani cha amayi a pamsika ndi banki m'khonde ya masiku ano, zonsezi zimayima pa mizati yomweyi.

Thandizo lochokera kutali

Dera la kummwera kwa Lilongwe linayamba kale kulandira thandizo la alendo. M'chaka cha 1886, abusa ena a mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa anapangana kuti aliyense azipatula kangachepe pa malipiro ake kuti atumize amishoni kumayiko akutali. Ndalama zimenezo ndi zimene zinabweretsa mbusa Andrew Charles Murray, amene pamodzi ndi mbusa Vlok anakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889. Mishoni ya Nkhoma, m'dziko la mfumu Mazengera, inatsegulidwa mu 1896, ndipo ntchito ya chipatala chake inayamba mu 1915. Wofuna kukafikako lero amadutsa pa Nathenje ndi kukapatuka pa Kamphata. Tsono chipatala chimene chachiritsa mibadwo ya anthu a kuno chinamera pa zopereka zazing'ono za anthu a m'matchalitchi akutali, amene ankamva za ntchitoyo kudzera m'makalata oyenda masabata ambiri panjira.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, thandizo linasintha maonekedwe. Linasanduka nkhani ya maboma ndi mabungwe akuluakulu, lobwera ndi mapangano olembedwa, akatswiri ndi magalimoto. Zipatso zake zilipo ndipo n'zooneka: sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene ili pafupi ndi Mitundu, inamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi thandizo la boma la America. Koma thandizo lalikulu lili ndi chilema chake, chakuti wopereka ndi wolandira saonana, ndipo pakati pawo pamakhala manja ambiri. Mu 2011 kunamveka kuti bungwe la Raising Malawi, la woyimba wa ku America Madonna, lasiya ganizo lomanga sukulu yaikulu ya atsikana m'mudzi wa Chinkhota, pafupi ndi Lilongwe, ndalama zokwana $3.8 miliyoni zitatha kale koma sukulu isanayime. Mu 2013 kunabuka nkhani ya kusolola ndalama za boma ku Capital Hill, yotchedwa Cashgate, ndipo mayiko amene ankathandiza thumba la boma anayimitsa thandizo lawo. Pa nkhani ziwiri zonsezi mbale inalipo ndipo inadzaza, koma panalibe woyimirira kuwerenga chipepeso nthawi ikadalipo.

Mbale ya pa intaneti

Pamene zimenezi zinkachitika, njira ina inali itayamba kutseguka. Mu 2005, bungwe la Kiva la ku America linayamba kuonetsa pa intaneti zithunzi ndi mbiri za amalonda ang'onoang'ono a ku Uganda, ndi kulola munthu aliyense kuwakongoza ndalama kuyambira $25. Mu 2012 kunabadwa bungwe lina lotchedwa Watsi. Amene analiyambitsa, Chase Adam, anali atagwirapo ntchito yodzipereka ku Costa Rica, kumene anaona mayi wina akupempha m'basi ndalama zolipirira mwana wake kuchipatala. Anthu ambiri anampatsa chifukwa anali ndi mapepala a kuchipatala m'manja, oti aliyense adziwonere yekha. Ganizo la Watsi linachokera pamenepo: kuonetsa wodwala, matenda ake ndi mtengo wa chithandizo chake, kuti anthu asonkhe kuyambira $5, ndipo ntchito ikatha, operekawo auzidwe mmene wodwalayo akupezera.

Patapita zaka zochepa, maina ndi nkhope za odwala a ku chipatala cha Nkhoma zinayamba kuoneka pa Watsi, kudzera mwa bungwe la World Altering Medicine. Ambiri anali alimi a m'midzi: abambo achikulire ovutika kutaya madzi chifukwa cha kutupa kwa kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, ndi amayi ofunika kuchotsedwa chiberekero. Chifukwa chake n'chodziwika. Nkhoma ndi chipatala cha mpingo, chimodzi mwa zipatala za pansi pa bungwe la CHAM, ndipo zipatala zotere zimalipiritsa, pamene za boma n'zaulere koma mzere wodikira opaleshoni umatalika. Mlimi amene wakolola matumba ochepa a chimanga sangalipire opaleshoni popanda kugulitsa mbuzi kapena kubwereketsa munda. Anthu makumi awiri kapena atatu osadziwana, okhala m'mayiko osiyana, akaponya aliyense mtengo wa chakudya cha masana amodzi, bamboyo amabwerera kumunda kwake.

Nkhani ina imene inadabwitsa ambiri ndi ya Martha Payne, mwana wa zaka 9 wa ku Scotland. Mu 2012 iye ankajambula chakudya cha kusukulu kwake ndi kulemba maganizo ake pa intaneti, uku akupempha owerenga kuti athandize bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kuphikira phala ana a sukulu m'Malawi mu 2002. Cholinga chake chinali £7,000. M'mwezi wa Juni akuluakulu a khonsolo ya kwawo anamletsa kujambula, ndipo chiletsocho chitamveka, anthu anakwiya nayamba kupereka mwaunyinji. Tsiku lotsatira chiletso chinachotsedwa, ndipo posapita nthawi ndalama zinapitirira £100,000. Ndalamazo zinamanga khitchini pa sukulu ya pulayimale ya Lirangwe m'boma la Blantyre, yophikira ana pafupifupi 2,000. Kalekale ntchito yotere ikadafuna mpondamatiki mmodzi. Apa inachitika ndi khamu la anthu wamba.

Amalawi adzisonkhera okha

Anthu ena amaganiza kuti kupatsa kwa pa intaneti ndi kwa azungu okha. Mwezi wa Januwale 2021 unatsutsa ganizo limeneli. Mliri wa Covid-19 unali utafika pachimake, zipatala zitadzaza, ndipo odwala ankafa chifukwa chosowa mpweya wa okosijeni. Pa 12 Januwale, nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi: a Sidik Mia, ndi a Lingson Belekanyama, amene anali phungu wa dera la kummwera kwa Msinja, m'chigawo chomwechi cha kummwera kwa Lilongwe. Tsiku lomwelo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi.

M'masiku amenewo mlembi wa nthano ndi ndakatulo, a Stanley Onjezani Kenani, amene ankakhala ku Ulaya, anapempha Amalawi kudzera pa Facebook kuti asonkherane. Anthu anayankha: aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, amalonda, makampani ndi Amalawi okhala kunja, ena kudzera ku banki, ena pa Airtel Money ndi Mpamba. Ndalama zinafika mamiliyoni ochuluka, ndipo zinagula masilinda a mpweya ndi zipangizo zina zimene zinagawidwa m'zipatala. Chimene chinakoka anthu sichinali chisoni chokha. A Kenani, amene ntchito yawo yeniyeni ndi yowerengera ndalama, pamodzi ndi anzawo ankalengeza kawirikawiri zimene zalowa, zimene zagulidwa ndi kumene zapita. Kunena mwachidule, ankawerenga chipepeso. Anthu amene anali atataya chikhulupiriro pa thumba la boma anapereka mosanyinyirika ku thumba limene ankatha kulisuzumira.

Kuyambira nthawi imeneyo, msonkhamsonkha wa pa lamya wazika mizu. Namondwe wa Freddy atasakaza maboma a kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, anthu wamba anasonkhanso. M'magulu a WhatsApp a anthu ochokera mudzi umodzi, a mpingo umodzi kapena amene anaphunzira sukulu imodzi, mndandanda wa maina umayenda tsiku ndi tsiku: wakuti wapereka zakuti, kwatsala zakuti. Denga la sukulu likasasuka ndi mphepo kapena mjigo ukawonongeka, ana a mudziwo okhala ku Kawale, ku Ndirande kapena ku Cape Town amatha kumva dzuwa lisanalowe.

Ndalama m'manja mwa mwini vuto

Kusintha kwina kwakhudza funso lakale lakuti ndani amadziwa chimene wosauka akusowa. Kwa zaka zambiri yankho linali lakuti akatswiri ndiwo amadziwa, ndipo ankasankha okha kuti mudzi uwu ulandire mbuzi, uwo ulandire mbewu. Boma la Malawi linayamba kuyesa njira ina mu 2006 ku Mchinji, popatsa mabanja ovutikitsitsa ndalama m'manja, ndondomeko imene inadzatchedwa Mtukula Pakhomo. Bungwe la GiveDirectly, limene linayambitsidwa ndi ophunzira za chuma ku America ndipo limalandira zopereka zazikulu ndi zazing'ono pa intaneti, linafika m'Malawi mu 2019. Njira yake ndi yotumiza ndalama pa lamya ya munthu mwiniwake, popanda kumuuza chogula.

Mu 2023 bungweli linayamba ntchito yaikulu m'dera la mfumu yaikulu Khongoni, m'boma lomweli la Lilongwe, kumene munthu wamkulu aliyense analandira ndalama pafupifupi $550. Gawo lalikulu la ndalamazo linachokera ku kampani ya Canva ya ku Australia, imene mu 2025 inalonjeza $100 miliyoni zina zopitirizira ntchitoyi m'Malawi. Apa zikuoneka kuti ngakhale olemera aphunzira kwa opereka pang'ono: kuchepetsa manja a pakati, ndi kukhulupirira kuti mwini nyumba yodontha ndiye amadziwa podontha pake.

Zimene mbaleyi siitha

Komabe walira mvula walira matope. Mbale ya pa intaneti ili ndi zofooka zimene mbale ya pasiwa inalibe.

Choyamba, imaona okhawo amene aonetsedwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'madera akumidzi a boma la Lilongwe muli anthu oposa 1.6 miliyoni. Mwa anthu amenewa, owerengeka okha ndi amene ali ndi mbale wawo wodziwa kulemba pempho logwira mtima m'Chingerezi, kapena mnzawo wotsatidwa ndi khamu pa Facebook. Mwana wa nkhope yokoma wodwala matenda ochiritsika amapeza thandizo msanga kuposa nkhalamba yakhungu yokhala yokha m'mphepete mwa Dzalanyama, yopanda lamya ndi yopanda woijambula. Pamudzi, amfumu amadziwa khomo lililonse. Pa intaneti, amene sanajambulidwe amakhala ngati kulibe.

Chachiwiri, thandizo limeneli kawirikawiri limagulidwa ndi ulemu wa munthu. Mwambo wa Achewa sulola kuti matenda a munthu wamkulu, makamaka a kumalo obisika, azikambidwa pabwalo. Koma pempho la pa intaneti limafuna chithunzi, dzina ndi matenda, ndipo chimene chayikidwa pamenepo sichifufutika. Mabungwe odalirika amayamba apempha chilolezo cha wodwala, koma munthu amene ali pa ululu ndipo alibe ndalama savuta kuvomera. Opempha m'malo mwa anzawo ayenera kudzifunsa ngati akadalola kuti mayi awo owabala aonetsedwe motero.

Chachitatu, pamene pali ndalama akathyali sasowa. Alipo amene amatenga chithunzi cha wodwala wa dziko lina ndi kuyikapo nambala yawo, ndi amene amatumiza uthenga wonamizira maliro kapena ngozi. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya lamya imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo potumiza ndalama dzina limaoneka wotumiza asanatsimikize. Koma kuba sikunathe. Wakuba mmodzi amawononga zambiri kuposa zimene waba, chifukwa amene wapusitsidwa kamodzi amaumitsa dzanja pamene wovutika weniweni wabwera.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, mbale yaing'ono singasenze katundu wa dziko. Pa 20 Januwale 2025, mtsogoleri wa America, Donald Trump, analamula kuti thandizo la dziko lake kumayiko ena liyambe layima, ndipo pofika pa 1 Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. M'mwezi wa Febuluwale 2025 boma la Britain nalo linalengeza kuti lichepetsa thandizo lake. Kwa Malawi imeneyi sinali nkhani yaing'ono. M'dziko muno muli anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo mankhwala otalikitsa moyo, amene anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, akhala akugulidwa makamaka ndi ndalama zochokera kunja. Mankhwala otere amafunika tsiku lililonse, chaka ndi chaka, kwa anthu amene sadzaonekera pa chithunzi chilichonse. Msonkhamsonkha ungagule silinda ya mpweya, koma sungalipire anamwino a pa chipatala cha Mitundu mwezi ndi mwezi, kapena kufikitsa katemera ku Nathenje chaka chilichonse. Chifundo cha anthu chimayaka ngati moto wa mapesi. Ntchito za umoyo ndi maphunziro zimafuna moto wa chitsa, ndipo umenewo ndi msonkho woyendetsedwa bwino ndi boma.

Chotsala m'manja mwa mudzi

Nanga anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje atengepo chiyani? Sangalamule maboma akunja kuti abweze thandizo, ndipo sangakakamize mlendo wa ku London kuti aone pempho lawo. Chimene chili m'manja mwawo ndi mizati itatu ija, imene tsopano iyenera kuzikidwa m'nthaka yatsopano.

Komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya mpingo imene ifuna kupempha pa lamya ichita bwino kuyamba ndi ana a mudzi womwewo amene ali kutali, pakuti iwo ndiwo amadziwa wopemphayo ndipo adzabweranso kudzaona ntchito. Nambala yolandirira ndalama isakhale chinsinsi cha munthu mmodzi, koma idziwike kwa amfumu ndi kwa anthu ena awiri kapena atatu osankhidwa pagulu. Chofunika chitchulidwe ndi mtengo wake: malata angati, matumba a simenti angati. Chopereka chilichonse chilembedwe, ngakhale cha K500, ndipo malisiti ajambulidwe ndi kutumizidwa kwa onse amene anapereka. Ndalama zikatsala, zinenedwe. Ntchito ikalephereka, inenedwenso. Ndipo pamene mndandanda wa ofuna thandizo ukulembedwa, pakhale munthu wofunsa za nkhalamba ija yopanda lamya.

Akulu anati kupatsa n'kuyika. Mwambi umenewu umagwira ntchito pokhapokha pamene woyikayo akudziwa kuti chimene wayika chafika pamalo pake. Abusa a 1886 ankadikira kalata masabata ambiri kuti amve zimenezo; wopereka wa lero angamve pa tsiku lomwelo, ndipo akapanda kumva, sabwereranso. Mudzi umene udzazolowere kuwerenga ndalama zake poyera udzapeza kuti pempho lake lachiwiri likuyankhidwa msanga kuposa loyamba.